Nkhuni Pansi pa Mtengo Wobayidwa Katemera

Dublin, 9 June

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sukukhazikika.

Kunyumba ya okalamba ku Blanchardstown, kumene ndimasamalira maluwa, kwatsala mtengo umodzi waukulu wotchedwa elm. Inzake yonse inauma ndi matenda a chuku, amene amafalitsidwa ndi tizilombo toboola makungwa. Pa 14 May kunabwera katswiri kudzaubaya katemera patsinde, kuti uzilimbana ndi matendawo pawokha, ngati mwana wakusikelo.

Ine, mwa chizolowezi chathu, ndinali nditaunjika nkhuni za mitengo youmayo pansi pake. Nkhuni n'kutaya, achimwene? Katswiriyo ataziona anagwira kumutu. Anati, "Bambo, tizilomboto timaswana m'makungwa amenewa! Ndipo katemerayu sachiza mtengo umene wadwala kale."

Nkhunizo anazinyamula tsiku lomwelo. Koma dzulo ndaona nthambi imodzi ikufota, ndipo abwana akuti mtengowo ukafa tikhala pansi kukambirana za ntchito yanga. Ndikugwira khasu, maso ali m'mwamba.

Chonde uzani amayi andipempherere, koma za ntchitozi musawauze kaye. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane