Anakudulani ndi lumo ku Halale

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kumene munapita osatsanzika bwino? Ife kuno tilipo ndithu. Bambo akudandaulabe ndi bondo lija, ndipo mankhwala a ku chipatala cha ku Nzama amamwa tsiku limene afuna okha. Mbatatesi zachita bwino chaka chino, koma chimanga cha kumtunda anyani atithandiza kukolola. Mpongozi wanu Rozina wachira bwino, watipatsa mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Aginesi. Akayamba kulira, mayo ine, ndi inu nomwe mukakwiya.

Mukumukumbukira mzungu wachinyamata uja tinkamutcha Chipewa, amene anabwera ndi makina ojambulira miyezi itatu musanatisiye? Uja munamupatsa chambiko, iye n'kumameza misozi ili m'maso poopa kukukhumudwitsani? Paja mabwana ake a ku Halale anamutuma kudzajambula bayisikopo yophunzitsa anthu kupita ndi ng'ombe kudibi. Koma iye mtima wake unali pa zithunzi za makaboyi, zija ndinkakusimbirani nditabwera ku Joni: zipewa zazikulu, fumbi, akuba ng'ombe akuthamangitsidwa. Poti kuno kulibe akavalo, anakweza malume Jemusi pa bulu, mudzi wonse kufa nazo nseko.

Tsiku lomaliza anakupemphani kuti mulowe m'khola mulandire ng'ombe zija zinabedwa m'nthano ya chithunzi chake zikubwerera. Inu munapukusa mutu. Ndinamumasulira kuti mtengwa saponda m'khola la kwa apongozi ake, ngakhale atakalamba bwanji. Munangoima pachipata n'kuitana kamodzi, ndipo ng'ombe yanu ija Mawanga inasiya zinzake n'kubwera kudzanyambita dzanja lanu. Chipewa anavula chipewa chake chija n'kunena kuti chithunzi chake chidzathera pamenepo.

Tsopano imvani. Ine ndinalembedwa ntchito pa galimoto ya bayisikopo. Zithunzizi sizilankhula, ndiye wolankhula pa chimkuzamawu ndine. Munkanditonza kuti, "Lukasi, pakamwa pakopo sipadzamera udzu." Onani lero pakundidyetsa.

Mwezi wathawu chithunzi chija chinabwera kuchokera ku Halale, Chipewa atachinyamula ngati wanyamula uthenga wa maliro. Mabwana aja anachidula ndi lumo. Bulu wa malume kulibe. Mawanga kubwera kwa inu kulibe. Anangosiya pamene mukupukusa mutu pachipata, n'kupaika koyambirira, ndipo anatumiza pepala la mawu oti ine ndiziwerenga: akuti anthu aone gogo wosadziwa kanthu amene akukaniza ng'ombe zake kupita kudibi. Chipewa akuti anawalembera makalata atatu kuwafotokozera za mwambo, iwo n'kumuyankha kuti makina si ake, ndipo anthu akumudzi safuna nthano, afuna phunziro. Mapeto ake Chipewayo anawauza kuti achotsepo dzina lake.

Amayi, ndinapsa mtima mpaka chakudya chinandikanika. Inu amene munkakangana ndi bambo kuti asalumphe tsiku la dibi! Tilibe chithunzi chanu chilichonse m'nyumba muno. Nkhope yanu yatsala pamenepo pokha, ndiye boma lonse la Ntcheu likudziweni ngati mbuli, wonena mawuwo n'kukhala mwana wanu? Ndinaganiza zosiya ntchito, koma Rozina anandikumbutsa kuti ndikachoka, pepalalo adzawerenga wina, ndipo adzaliwerenga mokoma.

Tinakaonetsa koyamba Loweruka madzulo pabwalo la sukulu ku Kasinje. Bambo tinawanyamula pangolo. Pambali panga panakhala kalaliki wa galimoto, mwamuna wa ku Manjawira wosaseka, amene ntchito yake n'kulemba lipoti la zonse zimene ndalankhula. Makina atangolira, inu munatulukira pansalu yoyera ija, mutavala mpango wanu wa Lamulungu. Amayi ena amene anakusambitsani tsiku la maliro anakuwa. Ine pepala lija linali m'manja. Ndinakumbukira muja munkanenera kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ndinalipinda n'kuliika m'thumba.

Ndinawauza anthu kuti awa ndi mayi Aginesi, amene chikwatiwire sanapondepo m'khola la apongozi awo chifukwa cha ulemu, koma ng'ombe iliyonse inkadziwa mawu awo. Ndinati amene akufuna kuti ng'ombe zake zinenepe ngati izi azipita nazo kudibi, monga mayiwa ankalimbikira. Kenaka ndinaitana momwe munkaitanira muja: "Mawanga iwe, bwera kuno mwana wanga!" Nthungululu zake, Amayi, makina sanamvekenso. Bambo anaimirira ndi bondo lawo lomwelo, osakhalanso pansi mpaka chithunzi chinatha.

Ndinagona ndikudziwa kuti ntchito yatha. M'mawa kalaliki uja anandionetsa lipoti lake. Analemba mzere umodzi wokha, kuti anthu analandira phunziro bwino. Anati nawonso amayi ake ndi mtengwa, n'kutembenuka kukapukuta galimoto.

Chipewa Chinyanja chake ndi cha moni basi, koma dzina la Mawanga analimva. Anandiitanira kuseri kwa galimoto n'kundipatsa kachitini ka fodya. M'katimo munali kachidutswa ka filimu kotalika ngati mkono wanga, kamene anakatola pansi ku Halale mabwana atadula. Ndikakayang'anitsa kudzuwa ndimakuonani kambirimbiri, mukuseka, lilime la Mawanga lili padzanja panu. Bambo akakapempha sakabweza msanga.

Sabata yamawa tikupita ku Manjawira, kenaka midzi ina yambiri. Mwina tsiku lina adzabwera bwana womva Chinyanja, koma zimenezo n'zam'tsogolo. Pepala lija likadali m'thumba, ndipo silitulukamo. Ndikukulonjezani kuti malinga chimkuzamawu chili pakamwa panga, palibe mudzi umene udzakudziweni molakwika. Aginesi wamng'ono akadzayamba kuzindikira, ndidzamunyamula m'mawa wina dzuwa likutuluka, ndimuonetse agogo ake akuseka.

Ndimakukondani, Amayi. Mawanga ili ndi bere, ndipo madzulo imaimabe pachipata paja.

Ndine mwana wanu wolongolola uja,
Lukasi