Ukwati Umene Analengeza M'dzina Langa

Senga Bay, Salima
14 Ogasiti 1995

Wokondedwa Tionenji,

Moni m'bale wanga. Ndikhulupirira uli bwino ku Thyoloko ndipo ana a sukulu sakukuvutitsa. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwawawabe. Ine ndikadachapabe mashiti a alendo ku loji, manja anachita kusupuka ndi sopo.

Pa envelopu ndalemba kuti Pauline Lawson, poti ndamva kuti kumeneko Tionenji samudziwa.

Dzulo m'tchalitchi abusa anawerenga kalata yochokera ku mpingo wa ku Thyolo, yolengeza ukwati wa mphunzitsi Pauline Lawson, mwana wa malemu Alfred Lawson. Tchalitchi chonse chinanditembenukira. Ena mpaka nthungululu. A Fanny a kwaya anandikumbatira nkumati ndimabisa nkhani ngati mfiti. Ine mwamuna ndilibe, ndipo ku Thyolo sindinapondeko.

Nditatuluka ndinalunjika ku hotela kwa bambo ako. Anayamba akana, kenako anaulula zonse.

Chaka chatha, boma litayambitsa pulayimale yaulere nkumafuna aphunzitsi, ndinalemba kalata yofunsira ntchito. Keyala ndinaika ya kuntchito kwa bambo akowo poti ife bokosi la ku positi tilibe. Yankho linabwera kuti andipatsa malo. Iwo anatsegula, natenga satifiketi yanga ya Fomu 4 imene ndinawasungitsa poopa denga lathu lodontha, nakukweza iwe basi. Ine anandiuza kuti malo anatha, ndipo ndinawathokoza chifukwa chondifunsira. Ndinagwada, Tionenji!

Akuti anaona kuti ine mutu umagwira, ndidzapeza kwina, pomwe iwe mayeso a Fomu 2 anakugwetsa kawiri. Akuti iwo ndi bambo anga anayamwa bere limodzi, choncho ndisachititse mtundu manyazi.

Unatenga malo anga ndi dzina langa. Koma mpaka kutenga bambo anga amene ali m'manda, ako ali moyo akunyamula masutikesi a azungu? Pamenepo ndiye wandiponda pachilonda.

Usataye sitampa kundipepesa. Ukwati amalengeza katatu, ndipo nthawi zonse amafunsa ngati alipo amene ali ndi chifukwa choletsa. Kwatsala kawiri. Kuno sindiyankhula, anthu akuno amandidziwa kale. Ndikufuna ndidzaimirire kumeneko, pamaso pa a Emmanuel akowo amene akufuna kukukwatira, ahedi ako, ndi tiana timene timakutcha Madamu. Kalata yanga ya ubatizo ndatenga kale, ndipo aphunzitsi anga akale andilembera umboni. Ndikwera basi Lachisanu pa 25.

Ukadziulula wekha ndisanafike, m'tchalitchi ndidzakhala chete. Usayese kuti kumeneko n'kukhululuka. Ku ofesi ya maphunziro tidzapita limodzi ndithu, iwe patsogolo, satifiketi m'manja.

Mulungu akusunge wamoyo ndi wathanzi kufikira tsikulo, usadwale ngakhale chimfine. Amayi sakupereka moni. Wanga upereke kwa alamu, ndipo uwafunse mwaulemu kuti kodi akukwatira ndani.

Ndine m'bale wako,
Pauline