Ndinalembetsa 25 de Setembro

Lolemba, 12 Juni 2023

Ndili ku Moatize, kuchipatala. Zaka zinayi ndikudikira mimba, yabwera n'kukhala pakhomo polakwika. Dotora akuti ili m'kanjira kopita kuchiberekero, sikula, ndipo kanjirako kakaphulika nditha kupita nayo. Ndangoti "inde, dotora" ngati andiuza mtengo wa tomato.

Lachiwiri, 13 Juni

Njira ndi ziwiri. Opaleshoni: kamodzi n'kamodzi, koma kanjirako mwina achotsa. Jakisoni: mimba isungunuka yokha, kanjira katsala, koma uzibwera kudzayezetsa magazi ndipo usatalikire chipatala. Akuti ndili ndi mwayi, idakali yaing'ono, komanso ndimakhala pafupi.

Pafupi pati? Ife a ku Zobue tonse timatero: ku Mwanza ndife Amalawi, kuno timatchula bairro, dera la m'tauni muno, kuti asatibweze. Dzulo ndinalembetsa kuti ndimakhala ku bairro ya 25 de Setembro, kwa alamu anga a Dália, omwe sitinalankhulane chimwalirire apongozi.

Mwamuna wanga Boaventura pafoni ali pa loli ku Beira: "Adule basi, Piedade. Ndikufuna iwe, osati kanjira." Amuna kulankhula kuphweka!

Lachitatu, 14 Juni

Enfermera Augusta, namwino wa pano, andigwira bodza. "Amayi, Chichewa chanuchi n'cha kumalire. Kanjirako kakaphulika muli m'chapa, minibasi ili pa Kapirizanje, ndani akuthireni magazi? Kobrador wotolera ndalama?" Ndaulula, manyazi kundigwira. Popeza ndimakhala kutali, akuti ndiye mpeni.

Ndinalira pabenchi. Masana a Dália atulukira, fumbi la malasha m'mapazi. Kani Boaventura anawaimbira. Moni sanandipatse. Angouza enfermera kuti, "Walemba kwanga, agona kwanga. Mubayeni."

Andibaya.

Loweruka, 17 Juni

Nambala ya m'magazi yosonyeza mimba yakwera. Akuti zimatero, tione Lachiwiri. Ikapanda kutsika, mpeni womwe uja. Mtima uli m'mwamba. M'mimba mukupota, ndipo ndikangobuula a Dália athamangira kuitana Rui wa njinga yamoto. Kawiri konse tamubweza.

Lamulungu, 18 Juni

A Dália andichotsera mapiritsi owonjezera magazi omwe ndimamwa, akuti kuchipatala anati amalimbana ndi jakisoni. Andipatsa bedi lawo, iwo pamphasa. Amandikalipira m'Chinyungwe uku akundipaka mafuta kumsana. Mkazi uyu ndinamunena zambiri, Mulungu andikhululukire.

Lachiwiri, 20 Juni

Tinapita limodzi, ine nditanyamula chitenje ndi ndowa, kukonzekera kugonekedwa. Dotora anayang'ana pepala nthawi yaitali.

"Yatsika bwino. Sitidula. Muzibwerabe sabata iliyonse."

Ndathokoza aliyense, mpaka wosesa. Panja a Dália anandilanda ndowa, ine ndikuseka, n'kuti, "Sabata yonse wakhala ukuopa kufa. Tsopano khala pansi umulire mwana wako."

Ndinakhala pomwepo pamasitepe. Iwo anayamba kulira ine ndisanayambe.