Chingerezi Chimene Akuti Chinathetsa Chinkhoswe cha Madalo

Amayi, kodi kumene muliko mukupeza bwanji?

Ngati nkhani za kuno ku Neno zimafika kumeneko, ndipo ndikudziwa kuti zafika chifukwa mwezi watha tinaika mayi Nachisale amene sankasunga kanthu m'kamwa, ndiye kuti mwamva kale zoti ine Tiyamike ndathetsa chinkhoswe cha mng'ono wanga Madalo chifukwa cha nsanje. Limenelo ndi bodza. Onena zimenezi ndi omwe aja amafalitsa kuti ku yunivesite anachita kundithamangitsa, pamene inu mukudziwa kuti ndinatuluka pageti ndi miyendo yangayi kudzakudwazikani, ndipo kubwerera sikunathekenso. Ine sindinathetse kanthu. Ndinangophunzitsa Chingerezi.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mpongozi wanu, mkazi wa mlongo wanga Yohane, wachira ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi ya kwa amake, koma mawu akamalira ndi akwathu. Nandolo wachita bwino chaka chino. Manachesi a kuseri kwa nyumba anabereka mpaka nthambi ina kuthyoka. Denga la khitchini likudonthabe pomwe munalisiya likudonthera. Yohane akuti alikonza, ine ndangosuntha mbaula.

Munkanena kuti pakamwa pangapa padzandidyetsa kapena padzandimenyetsa. Panopa pakuchita zonse ziwiri. Masana ndimaphunzitsa Chingerezi m'kachipinda kuseri kwa msika wa pa Boma, kwa anthu obwereza mayeso a Folomu 4: akabaza, azimayi ogulitsa tomato, ndi ena amene sukulu inawalavula ngati ine. Madalo amakhala kumbuyo, pambali pa msuweni wathu Esinta, mwana wa alongo anu.

Alongo anuwo, amalume, chichokereni kumanda kuja akuyenda ngati munawasiyira dziko lonse. Anamupezera Madalo mwamuna, a Banda a ku Lisungwi, ogula manachesi, a njinga yamoto yofiira, amene anakhalako ku Joni ndipo salola munthu kuiwala zimenezo. A Banda anabweretsa foni ndi nsapato, ine nkukumbuka mawu anu aja oti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Amalume anagamula kuti sukulu yakwana, chinkhoswe chikachitika Madalo aiwale za mayeso. Atamufunsa mwini wake, anagwada, nkuyang'ana pansi, osayankha. Kwathu kuno mukudziwa, mtsikana akakhala chete ndiye kuti wavomera. Nanenso, wogona naye nyumba imodzi, ndinaona ngati wavomera.

Tsiku limene mlandu unayamba ndinalemba pa bolodi mneni wa Chingerezi woti force, kutanthauza kukakamiza. Ndinawauza kuti liwu limeneli siliyenda lokha. Limafuna wokakamiza kutsogolo, wokakamizidwa pambuyo pake, kenako kaliwu koti to, kenako chimene munthuyo akuchita asakufuna. Lamulo la m'kalasi mwanga ndi loti aliyense aimirire, anene chiganizo chochokera m'moyo wake weniweni, kenako achimasulire m'Chichewa. Za John ndi Mary okwera sitima ya pansi pa nthaka sindizifuna. Kuno ngakhale minibasi imachita kupemphereredwa.

Wakabaza wina anati, The rain forced me to sleep at Lisungwi. Mvula inamugoneka kumeneko eti, ndipo anzake anaseka chifukwa mvulayo amaidziwa dzina ndi nyumba yake. Mayi wa tomato anati, My husband forces me to cook beans every day. Ndinawachongera onse. Kenako anaimirira Madalo.

“My uncle is forcing me marry Mr Banda.”

Ine, Amayi, ndine mphunzitsi. Ndinamuuza kuti wasiya to, abwereze. Anabwereza, to ali pamalo pake, mokweza mpaka ogulitsa usipa panja anatembenuka. Pamenepo m'pamene mawuwo anafika m'mutu mwanga, choko chili m'manja. Ndisananene kanthu, Esinta anapempha kupita kuchimbudzi. Chimbudzi chake chinali kunyumba kwa bambo ake.

M'mawa mwake amalume anafika ndi akazi awo ndi a Banda, nkukhala pakhonde panu, pa mipando yanu. Akazi awowo anayamba ndi chimera: chinaviikidwa kale, nkhuku zinagulidwa kale, anthu anauzidwa kale, nanga manyazi amenewa asenza ndani? Amalume anati ndikuipitsa mwana ndi sukulu yanga yosatha. Ndinawayankha kuti yosathayo ndi yaitali kuposa yawo yotha. Ndikudziwa kuti mukanandiponda chala.

Ndiye amalume anabwera ndi nzeru imene ngakhale ku yunivesite sindinaimvepo. Anati zonenedwa m'Chingerezi si mawu, ndi masewera a sukulu. Mlandu wa banja umamveka m'Chichewa basi. A Banda anavomereza ndi mutu, nkuwonjezera kuti ku Joni anthu amalankhula Chingerezi tsiku lonse popanda kutanthauza kanthu. Anamuitana Madalo. Anabwera, nkugwada, nkuyang'ana pansi. Anamufunsa ngati alipo akumukakamiza. Chete. Amalume anatambasula manja kuti aliyense aone.

Mtima unandiwawa, Amayi. Ndinaona mayeso ake akukwera njinga yofiira kupita ku Lisungwi. Ndinakumbuka zomwe munkanena Yohane akamathawa madzi, kuti mwana wosambitsidwa mokakamiza amatuluka kubafa msana uli wouma. Ndiye ndinalankhula ndi mawu anga a m'kalasi, aja amaopa ngakhale akabaza. Ndinamuuza Madalo kuti kwa ine wophunzira sayankha atagwada, aimirire, apange chiganizo ndi mneni wa dzulo.

Anaimirira. Pamaso pa amalume, chilili, manja kumbuyo ngati ali patsogolo pa bolodi.

“Nobody will force me to leave school.”

Ndinamukumbutsa lamulo lathu, kuti amasulire.

“Palibe andikakamize kusiya sukulu. Ndipo a Banda sindikuwafuna, amalume.”

Mbali yachiwiriyo munalibe m'Chingerezi muja, koma sindinamuchotsere malikisi.

Chichewa chimene amalume anaitanitsa chinali chitabwera, ndipo analibe pochibweza. A Banda anafunsa ngati foni ingabwezedwe ndi chaja chake. Madalo anakatenga zonse, nsapato zomwe, nkuziika pansi mwaulemu ndi manja awiri, monga munatiphunzitsira. Njinga inavuta kulira, ndipo Yohane anachita kuikankha mpaka kumsewu.

Chiyambireni tsiku limenelo amalume sandiyankha moni, ndipo kutchalitchi azimayi ena amasuntha ndikakhala pafupi. Zilibe kanthu, benchi imakula. Kalasi yanga nayo yakula. Abwera atsikana ena ochokera ku Midzemba, akuti akufuna kuphunzira mneni yemwe uja. Ndawauza kuti tinadutsa, tili pa wina, koma akuumirira.

Madalo akuwerenga pansi pa mtengo wa manachesi, ndipo nthawi zina amaseka yekha, kuseka kwanu kuja kotseka pakamwa ndi nsalu. Ndikakumva ndimasiya zimene ndikuchita. Ndimakusowani, Amayi, ndipo ndimakukondani kuposa mmene pakamwa pangapa panakuuziranipo muli moyo. Ndikukulonjezani kuti mwana wanuyu adzalowa m'chipinda cha mayeso ngakhale nditachita kumubereka kumbuyo. Kumeneko si kukakamiza, ndi kuperekeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike

Chinkhoswe chichitikabe Loweruka likubwerali. Mwamuna ndi a Banda, mkazi ndi Esinta.