Funso Nambala 12

Lolemba, 14 Okotobala 2024

Ndawerenga mafomu a kafukufuku kachitatu. Mwa mabanja 46 a anthu othyola tiyi ku Kapichi, 39 akuti alibe munda. Bungwe lathu limapereka mbewu kwa okhala ndi munda okha, ndiye 39 onsewa agwa, mvula ili pafupi. Mndandanda ukufunika Lachisanu. Bwana Stafford aona kuti onsewa ndi Alomwe, akufuna lipoti linene kuti umphawi kuno ukutsata mtundu. Inenso ndine Mlomwe. Mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 15 Okotobala

Panado awiri. Manambala sanasinthe.

Lachitatu, 16 Okotobala

Lero ndapumako. A Teleza, mmodzi wa othyola tiyi, anandiimitsa pasikelo poyezera masamba. Amva kuti dzina lawo palibe pamndandanda. Ndinawaonetsa fomu, funso 12: "Muli ndi munda wanu?" Amuna awo anayankha kuti ayi.

"Sananame," anatero. "Munda ndi wanga, anandisiyira amayi anga. Iwo aja ndi mkamwini, anabwera ndi chikwama chokha. Achimwene, kukoleji konseko sanakuuzeni woyenera kumufunsa?"

Amayi ena anaseka mpaka kapitawo anatembenuka. Fomu imati funsani mutu wa banja, ine n'kumafunsa amuna okhaokha. Manyazi ndithu, koma mtima watsika.

Lachinayi, 17 Okotobala

Nyumba ndi nyumba ndi a Mahamudu, dalaivala wathu, kufunsa amayi. 33 ali nayo minda. Timinda tating'ono, tina topanikizika pamalire a esiteti, koma mbewu ilowa. 6 alibedi, awa ndawalemba padera. A Mahamudu akuti ndikanawafunsa iwo, Myao weniweni, akanayankha chimodzimodzi, chifukwa ngakhale mtengo wa mapeyala amene amadya ku Makwasa ndi wa akazi awo. Ati ndiwalembe pagulu la Alomwe.

Lachisanu, 18 Okotobala

Bwana awerenga lipoti kawiri, afufuta okha ndime ya mtundu ija. Mayina 40 apita, 33 aja ndi 7 oyambirira. Za 6 aja ati tikambirana Lolemba, ndalemba pachikhatho kuti ndisaiwale. Nditatumiza ndawerenganso mndandanda. A Teleza alipo, nambala 17.

Loweruka, 19 Okotobala

Ndadzuka mochedwa, mutu uli bwinobwino. Masana ndinaimbira bambo kumudzi. Titapatsana moni ndinawafunsa funso 12, monga momwe lalembedwera. Nkhuku zinkamveka kuseri.

"Tadikira," anatero, "ndikupatse amayi ako."