Apongozi akuti ndamanga manda pakhomo

Aphungu,

Tsamba lanu ndimawerenga pa nyuzipepala zomwe amuna anga amabwera nazo akapita ku Mponela, ndipo ndimazisunga m'sutikesi. Kalata iyi ndi yachitatu. Ziwiri zoyamba ndinang'amba chifukwa zinachuluka zofufuta. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndiye mundikhululukire pomwe ndalakwitsa.

Ndine mayi wa zaka 23, wa mwana mmodzi dzina lake Hana. Kwathu ndi ku Dowa koma ndili pachitengwa kuno ku Kasakula. Nyumba yathu ili pamtsetse wa phiri. Nditafika zaka zinayi zapitazo, bwalo linali ngati la wina aliyense, dothi lofiira lopanda ndi kaudzu komwe. Ndinkasesa m'mawa uliwonse mmene anandiphunzitsira amayi, mpaka mizere ya tsache ioneke. Koma mvula itabwera ndinaona madzi ochokera kumtunda akudutsa pakhomo penipeni, akukokolola dothi lomwe ndinalifewetsa ndekha ndi tsache. Pofika Malichi maziko a khonde anali pamtunda, moti pokwera tinkayamba taponda pamwala.

Chaka chotsatira kunabwera alangizi a zaulimi kudzationetsa kapangidwe ka mizere ya akalozera, ija yoimitsa madzi kumunda. Anabwera ndi chingwe, timitengo tiwiri ndi kagalasi kokhala ndi madzi mkati koonera ngati malo ali ofanana. Ine ndinaima kumbuyo kwa gulu ndipo sindinafunse funso, chifukwa pagulu mawu amandithawa. Koma pobwerera ndinadzifunsa kuti, ngati mzere ukuimitsa madzi kumunda, ungalephere bwanji pakhomo?

Ndinabwereka chingwe chija kwa apampando a kalabu yathu ya alimi n'kuyeza bwalo lonse, kenaka ndinalijambula m'kope lakale. Ndinaligawa patatu ngati masitepe. Miyala ndinkatola kuphiri, umodzi kapena iwiri ndikamachokera ku nkhuni, ndipo ndinamanga timakoma titatu tofika m'mawondo. Kuseri kwa nyumba ndinabzala udzu wa vetiva ndi kukumba kangalande kolondolera madzi ku nthochi. Kapinga ndinakapempha m'mphepete mwa bwalo la mpira kusukulu. A Samueli, mkulu wa mpingo wathu, anandilola kutola njerwa zosweka pa uvuni wa tchalitchi. Zimenezo ndinaziyala pansi pa mtengo wa mapichesi, ziwiri chotere ziwiri chopingasa, ngati malukidwe a lichero. Mwina ndinaziyala ndi kuzichotsa kanayi zisanakhale bwino. Ntchito yonseyi inanditengera zilimwe ziwiri, Hana ali kumbuyo.

Aphungu, sindikufuna kudzitama, koma ndinene zoona. Mvula ya mu Febuluwale chaka chino inagwa masiku asanu osakata. Makonde ambiri m'mudzi muno anagumuka, ndipo khoma la khitchini ya mlamu wanga Manesi linagwa. Pakhomo panga madzi ankatsika pang'onopang'ono, oyera, sitepe ndi sitepe. Ndinaima pakhonde kuwayang'ana mpaka ndiwo zinapserera. Tsiku lina dalaivala wa lole yodzagula mbatatesi anaimika galimoto n'kufuula kuti, “Kodi a DC anasamukira kuno?” Ndinathawira m'nyumba ndi manyazi, koma mumtima ndinali ndikuvina. Amuna anga Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi amakhala panjerwa paja ndi wailesi, ndipo anzawo a bawo saseweranso kwina.

Vuto linabwera ndi chinthu chomaliza, bedi la maluwa. Ndinafuna likhale pafupi ndi khomo kuti mlendo aziliona akangofika. Ndinayeza mosamala, mapazi anga asanu ndi awiri m'litali, atatu m'lifupi. Ndinathira manyowa n'kuunjika dothi kuti likwere. M'mbali ndinaika njerwa zathunthu, n'kuzipaka laimu wotsala pa Pasaka. Popeza maluwa ena omwe anandigawira amayi abusa ndi oyanga, ndinazika kamtengo kumutu kwa bedi ndi kumangirira kena kopingasa kuti akwerepo. Ndikulumbira, ine ndinkangoona kuti mizere yawongoka.

M'mawa mwake apongozi anga aakazi anabwera kudzabwereka sefa. Atafika pa sitepe yachiwiri anaima, dzanja pakamwa. Ndinagwada kuwalonjera koma sanayankhe moni. Anati, “Nachisale, wamwalira ndani?”

Ndinati, “Palibe, amayi.”

Iwo anati, “Nanga awa ndi manda a ndani? Kapena mwakonzeratu anga?”

Manesi, yemwe anali pambuyo pawo, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, “Alamu, mukanatiuza dzulo bwenzi titabwera ndi nkhata ndi buku la nyimbo!”

Apo m'pamene ndinaliyang'ananso bedi lija ndi maso awo. Mulu wa dothi, njerwa zoyera, maluwa, ndi kamtanda kumutu. Koma sindinalichotse, chifukwa maluwa anali atagwira kale, komanso kuseka kwa Manesi kunandipweteka.

Kuchokera tsiku limenelo apongozi sadzeranso kumaso kwa nyumba yathu, amazungulira kuseri. Akuti ndi malaulo. Ndinene apa kuti apongozi anga aamuna anamwalira chaka chatha, ndipo chiliza sichinamangidwebe, abale amangoti tikakolola, tikakolola. Panopa apongozi akutsokomola, ndipo Manesi akuuza anthu kudambo kuti chawadwalitsa ndi bedi langa. Nazonso nkhani zomwe ankasunga mumtima zatuluka zonse. Akuti pakhomo pomera udzu ndi pa mkazi waulesi. Akuti ndikuwetera mwana njoka. Tsiku lina anauza amuna anga ine ndikumva kuti, “Matipate aja ndi amenewa. Aliyense ufulu, ufulu. Nawonso udzu wapeza ufulu womera pakhomo pa mwana wanga.”

Ine kapinga ndimamweta ndi chikwakwa sabata iliyonse, ndipo njoka sitinaionepo.

Tsopano alamula kuti Loweruka loyamba la Okutobala, amayi a Mvano asanadzasonkhane kwawo, abwera ndi Manesi ndi makasu kudzapala bwalo lonse kuti likhale la anthu. Miyala akuti ikatayidwe kukhwawa. Ndinafunsa amuna anga maganizo awo. Anati, “Amake Hana, ine pano ndimapakonda, koma amayi ndi amayi.” Ananena zimenezo atakhala panjerwa zanga zomwezo, miyendo atatambasula.

Aphungu, chibadwire sindinayankhepo munthu wamkulu. Kusukulu sindinakhalepo nambala wani, ndipo ku kwaya ndimaima mzere wakumbuyo. Bwalo ili ndi chinthu chimodzi chomwe ndinachiganiza ndekha, n'kuchipanga ndi manja anga, n'kutheka. Akalipala mu Okutobala, mvula ya Novembala idzapeza khonde lili pambalambanda. Ndikane? Ndikakana, ndikhala bwanji m'mudzi wa eni? Ndithandizeni tsikulo lisanafike.

F.C., Kasakula, Ntchisi.

F.C. mwana wanga,

Choyamba, dzutsa mutu. Zomwe wachitazo si zazing'ono. Pali anthu a masatifiketi omwe nyumba zawo zikulendewera pa zigwembe, pomwe iwe wa Sitandade 6 unamva phunziro la kumunda kamodzi kokha uli kumbuyo kwa gulu, n'kulinyamula kukafika nalo pakhomo. Kalata yako ilibe chofufuta ngakhale chimodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti timakoma takoto tili chimodzimodzi. Unyadire.

Chachiwiri, pa bedi lija apongozi ako akunena zoona. Mapazi asanu ndi awiri kwa atatu, mulu wa dothi, laimu, ndi mtanda kumutu? Mwana wanga, nanenso ndikanavula chipewa podutsa. Maluwa salodza munthu, ndipo chifuwacho apite nacho kuchipatala msanga. Koma taganiza. Mayi amene anaika amuna awo chaka chatha, ndipo mpaka lero amuna awowo agona pansi pa mulu wa dothi wopanda njerwa, akutuluka m'mawa n'kupeza maluwa ali ndi chiliza choyera pakhomo pa mwana wawo. Chikuwaluma ndi chimenecho. Kapinga wakhalapo zaka ziwiri ndipo apongoziwo sanabwere ndi khasu. Abwera nalo lero chifukwa cha bedi.

Ndiye chita izi. Kamtanda kaja zula lero lomwe, maluwa oyangawo akakwere pa mpanda. Njerwa zoyera uchotse zonse. Mulu uja uuphwasule, maluwa uwawokere madzulo dzuwa litapepa, mozungulira tsinde la mapichesi kapena motsatira kakhoma ka miyala. Ukawathirira sabata imodzi adzuka. Ndipo kuyambira lero, bedi lililonse pakhomo pako likhale lozungulira kapena lokhota. Chingwe chija chowongola mizere uzikachigwiritsa ntchito kumunda.

Ukatero usadikire Okutobala. Pita wekha kwa apongozi, nthawi yomwe Manesi kulibe. Ugwade unene mawu ochepa: amayi, sindinaone, ndachotsa, mundikhululukire. Usawonjezere za alangizi kapena za dalaivala wa lole. Kupepesa pa chinthu chimodzi chomwe unalakwitsadi kukupatsa mphamvu yoteteza zina zonse zomwe sunalakwitse.

Kenaka uwapatse malo awo osesa. Kwa amayi a msinkhu wawo mizere ya tsache ndi ulemu wa nyumba, ndipo amayi a Mvano adzayang'ana zimenezo. Sitepe yapamwamba, yoyandikana ndi khonde, ndi yafulati tsopano ndipo madzi sathamangapo. Palapo kapinga mikono iwiri kuchokera kukhonde, upatsire bwino, ndipo uzisesa m'mawa uliwonse kuti aone. Kumeneku kukuthandizanso pa nkhani ya njoka, chifukwa njoka sikonda kudutsa poyera. Uwafunsenso chomwe angakonde kuti chibzalidwe pa sitepe yam'munsi, kaya ndi mandimu, tsabola kapena mphonda. Munthu sapala pomwe wabzala yekha.

Koma miyala, vetiva ndi ngalande, zimenezo usagonje. Si zokongoletsa, ndi zomwe zagwira nyumba. Madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa lawo lakale ndi pakhomo pako. Nkhondo imeneyi siyako wekha ayi. Bambo a Hana auzidwe mwaulemu koma momveka kuti mawu oti amayi ndi amayi sadzaimitsa mvula. Atengane ndi amayi awo akawaonetse pomwe pankafika madzi kale, ndipo anene ndi pakamwa pawo kuti miyalayi ndi ya nyumba yanga, isachoke. Akachita mphwayi, pempha a Samueli akhalepo, poti njerwa anapereka ndi iwo. Munthu amene amatambasula miyendo panjerwa aphunzirenso kuziimirira. Uwanong'onezenso kuti aitanitse abale ake a malemu akambirane za chiliza chaka chino. Nkhani imeneyo ituluke pakamwa pa mwana wawo, osati pako.

Chenjezo langa ndi ili. Kapinga akhale wamfupi nthawi zonse, ndipo mipata ya pakati pa miyala uitseke ndi timiyala ndi dothi, chifukwa njoka imodzi yokha idzagwetsa mlandu wako wonse. Ndipo khitchini ya Manesi isatuluke pakamwa pako, ngakhale akuseke chotani. Ndaona kuti m'kalata yako sunaiiwale. Ngati ungathe, ukamuthandize kukumba ngalande kuseri kwake mvula isanabwere.

Mvula yoyamba ikadzagwa, uwaitane apongozi, uwayalire mphasa pakhonde louma, uwapatse tiyi. Iwe usadzanene kanthu. Adzaone okha madzi akutsika masitepe ako mwaulemu, ngati mkamwini wolowa pamudzi.

Aphungu.