A Fyson Ayambanso Kusamba

Lachiwiri, 6 Juni 2023

Kuzizira koopsa kuno ku Lizulu. Koma nkhani si imeneyo. Amuna anga a Fyson asamba! Okha, osauzidwa. Ametanso ndevu zija zakhala pachibwano chibwerereni ku Joni chaka chatha, ntchito itawathera. Munthu wongogona chagada, maso kudenga, chakudya n'kuchita kumukakamiza. Mwezi wathawu a Elson a kutchalitchi akhala akuwakokera ku Boma Lachiwiri lililonse, ati kukasaka ntchito. Lero adzuka okha, malaya oyera. Sindinafunse kanthu, ndimaopa kuti angabwerere pamphasa.

Loweruka, 10 Juni

Msika wayenda, kachewere yense watha dzuwa lisanapendeke. Pobwera ndapeza dimba lothirira kale. Mwana wathu Tisunge wonyowa thupi lonse, akuti adadi ake amuthira madzi dala n'kumuthamangitsa m'mizere. "Aseka, amama, mano onse panja!" Ndangokhala pansi pomwepo. Ambuye, zikomo. Zikomo.

Lamulungu, 18 Juni

A Fyson aimba besi m'tchalitchi mpaka anthu kucheuka. Amayi a Mvano kumanditsina, ati Selestina, wawadyetsa chiyani bambowa? Ine mano okhaokha. Madzulo andisenzera nkhuni. Pamsewu, anthu akuona!

Koma Zione, mnzanga wa pamsika, pakamwa pake sipapuma. Ati iwe ukungovina, wafunsa kuti akusambira ndani? Ndamutukwana. Nsanje basi.

Lachiwiri, 20 Juni

Foni yawo yalira iwo ali kubafa. Dzina: Maness. Ndayankha. Mawu a mkazi, aulemu wonyanya: "Muwakumbutse a Fyson kuti ndikuwadikira lero." Ndati ndinu ndani? Ati pepani mayi, akuuzani okha. Akuuzani okha! Ndipo masiku ano a Elson sapitanso nawo. A Fyson atuluka akuimba mluzu.

Lachinayi, 22 Juni

M'jombo yawo yakale muli kabotolo ka mapiritsi. Dzina palibe, manambala okhaokha. Mwamuna wobwera ku Joni, wobisa mapiritsi, woimbiridwa ndi mkazi. Ndiganize chiyani ine? Ma ARV. Ndiye wakhala chete ine n'kumagona naye mphasa imodzi? Ndatumiza mawu kwathu ku Tsangano kuti ankhoswe, malume anga a Fanizo, abwere. Chikwama ndalongedza. Chowawa n'chakuti munthuyu ndikumukonda kuposa kale.

Loweruka, 1 Julayi

Mayo ine, manyazi! Koma manyazi okoma.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Ine ndinayala zonse, mawu pamwamba, kabotolo n'kukaponya pamphasa. A Fyson anakatola. Kenako anati: "Mayi a Tisunge, ndimadwala maganizo. Si ulesi. Chaka chatha ndinkafuna kungofa."

Ati a Elson ndi amene anawatengera kuchipatala. Kumeneko kuli kafukufuku: akuyerekeza mankhwala atsopano a matenda amenewa ndi akale aja, kuti aone abwino ndi ati. Kampani yopanga mankhwala inawaika m'mabotolo ofanana, moti ngakhale anesi sadziwa amene munthu akumwa. N'chifukwa chake manambala. Anawafotokozera zonse, anavomera okha. Magazi anawayeza poyamba pomwe, alibe kachilombo. Maness ndi nesi amene amacheza nawo akapita.

Malume anafunsa kuti nanga kubisa bwanji? A Fyson ati ankaopa kuti kumsika azinditchula mkazi wa wamisala, enanso azinena kuti akugulitsa magazi kwa azungu. Ankateteza ine, ati. Chitsiru cha mwamuna. Changa chomwe.

Malume ati mwanditsitsa ku Tsangano ndi mphepo yonseyi kudzaweruza munthu chifukwa chosamba? Tonse kuseka, ine misozi ili mbwee. Nkhuku yafa. Chikwama ndamasula.

Lamulungu, 2 Julayi

Zione ndamuuza kuti a Fyson akusambira ine. Zinazo si zake.

Nkhawa imodzi yokha: kafukufuku atha Okutobala. Nanga pambuyo pake? A Fyson ati ndikafunse ndekha, anesi akhala akuwapempha kuti abwere ndi wa kunyumba. Ndachapa chitenje cha maluwa chija.

Lachiwiri, 4 Julayi

Minibasi yodzaza, a Fyson anandisungira malo a pazenera. Tangoganizani.

Maness uja! Mayi wamkulu wa imvi, magalasi pamphuno, angathe kundibala. Nditanena kuti ndinkawayesa chibwenzi anaseka mpaka kugwira tebulo. Za Okutobala ati ndisade nkhawa: kafukufuku akatha a Fyson apitiriza kulandira mankhwala pachipatala pomwepo, koma asasiye mwadzidzidzi ngakhale akumva bwino. Masiku oipa adzabwerabe apo ndi apo, ati, tizidzabwera msanga osadikira. Ndati mapiritsi achoka m'jombo, akhala pawindo, ndipo wowakumbutsa ndine.

Tinali titaimirira kale, a Fyson akunena zoti tikadye tchipisi kudepoti ngati kale tili pachibwenzi. Ndiye a Maness anandigwira mkono. "Nanga inuyo, mayi? Chaka chonsechi mwasenza nyumba nokha. Anakufunsanipo ndani kuti muli bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndili bwino. Koma kunatuluka misozi. A Fyson anakoka mpando, nandikhazika, n'kuyamba kundipukuta misozi ndi mkono wa malaya awo oyera aja, anesi akuona. Ati lankhulani, mayi a Tisunge, tchipisi sichithawa.